Pamene Munkakwera, Iwo Akutsika

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti ndatopa. Si matenda ayi, musayambe kuda nkhawa monga munkachitira ndikangotsokomola kamodzi. Ndi kutopa kwa munthu amene wakhala pampando tsiku lonse, koma poweruka miyendo ili lendelende ngati wachokera kudimba. Lero magetsi azima kuyambira m'mawa, shopu ili zii, ndiye ndati ndikulembereni. Ndikulemba pamanja ndi cholembera, zimene ndinasiya kalekale, choncho mukaona zilembo zokhotakhota musandiseke.

Ndiyambe ndi zabwino. Mzime wanu Tiyanjane anachira bwinobwino pachipatala cha pa Mitundu pompano, mwana wamkazi. Anabwera kudzadikirira kwa ine, ndipo miyezi yomalizayo anandithera mtedza wonse m'nyumba. Mwanayo ndi wonenepa, tsitsi lili bii. Mphuno watengera kwa bambo ake, tingopirira nazo. Achimwene Yosefe nawo ali bwino, ngakhale fodya wa chaka chino anakagulitsa n'kubwerako ali chete, ndipo ife tinaona kuti ndi bwino tisafunse.

Chimanga sichinachite bwino. Mvula inadula chitangoyamba kumasula, ndipo pamene inkabweranso chambiri chinali chitafota kale. Soya ndiye watithandiza. Mbuzi yanu yakuba ija, imene inkakutsatirani mpaka kutchalitchi, inaswa mapasa, ndipo onse awiri atengera amayi awo pa kuba. Nyumba yanu ku Nathenje tinaitseka maliro atatha, ndipo tinachedwa kukaitsegulanso. Titalowa tinapeza chiswe chadya mphasa, chadya katoni ya mapepala imene inali pansi pa bedi, chayamba ndi chitseko cha kuchipinda. Ndinakumbuka mawu anu aja akuti nyumba imafuna phazi la munthu, ngakhale la munthu waulesi.

Chiliza chanu tamanga, Amayi. Chakhala bwino, dzina analemba mosalakwitsa, ndinaimirira pomwepo mmisiri akulemba. Tidzachivundukula mwezi wamawa. Ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene yandikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndikaiuza anthu amoyo amangondiyang'ana ngati ndikudandaula za ziii.

Mukukumbuka masiku amene munkabwera kuchipatala kudzayezetsa shuga, n'kumadzakhala mushopu muno podikira kuti dzuwa lipepe? Munkakhala pa kampando ka pafupi ndi fotokope, mutavula nsapato, makasitomala n'kumakulambalalani. Tsiku lina munabwera ndi mapepala a pensulo a nyimbo yanu ya ulendo ija, imene munapeka agogo atamwalira, imene amayi a kwaya ya kumpingo ankaimba pa maliro aliwonse. Manotsi ake anakulemberani malemu aphunzitsi akale aja, inu mukuimba iwo akulemba, poti inu manotsi simunkawadziwa. Munati mapepalawo ayamba kufufutika, ndiwalowetse m'kabokosi kangaka kuti asadzatayike.

Ntchito imeneyo inatitengera maulendo anu angapo. Kulemba manotsi pa kompyuta si kulemba kalata yofunsira ntchito. Pali mizere inayi, wa sopulano, wa aluto, wa tenala ndi wa besi, ndipo pansi pake mawu. Notsi iliyonse imafunika ikhale ndendende pamwamba pa mawu ake, ndiye ndinkaikankha pang'onopang'ono ndi batani lalitali lija mpaka ifike pamalo. Panalinso timizere ting'onoting'ono tokhala paphewa pa notsi, tosonyeza kuti apa woimba akwere pamwamba, ndi tina tam'munsi tosonyeza kuti atsike. Timeneto ndinachita kutisaka mu mtundu wina wa zilembo umene unali m'kompyuta yakale ija. Ine manotsi sindiwerenga, ndinkangokopera zimene ndikuona, inu mukuimba chapansipansi kumbuyo kwanga. Tikafika pa kolasi, pa mawu akuti "ndafika", munkaiwala kuti muli mushopu ya eni ake n'kukweza mawu mpaka a telala a khomo linalo ankaimitsa makina. Munkandigwira paphewa n'kunena kuti, "Apa ndiye pokwera, Felesiya, usaope, kumwamba kulibe denga."

Tinasindikiza mapepala angapo n'kugawira amayi a kwaya. Iwo anathokoza, napinda mapepalawo n'kuika m'mabaibulo, chifukwa nawonso manotsi sankawadziwa ndipo nyimboyo anali nayo kale m'mutu. Ine mtima unakhala pansi. Ndinkati chinthu chikalowa m'kompyuta ndiye kuti chasungika.

Tsono mverani zimene zachitika ndi kabokosi kanga kaja. Chaka chatha zinthu zinayamba kuvuta. Aphunzitsi akabwera ndi mayeso pa fulashi kuti ndisindikize, kapena ophunzira a kukoleji ndi zolemba zawo, pulogalamu yanga yolembera inkakana kutsegula, kapena ikatsegula munkangodzaza timabokosi m'malo mwa mawu. Ati iwo analembera pa pulogalamu yatsopano, yangayo ndi yakale. Dzina lake ndi limodzi, anapanga ndi anthu omwewo, koma ziwirizi sizimvana. Munthu wayenda mtunda wautali, wakwera kabaza, ndiye ndizimuuza kuti pepani sizikutseguka. Ankatuluka n'kuwoloka msewu kupita kushopu ina, ine ndikuwaona pawindo.

Kenaka kompyutayo inayamba kundilankhula m'mawa uliwonse. Ndikangoyatsa, uthenga uli pamaso: pulogalamu iyi yakalamba, eni ake asiya kuisamalira, ikani yatsopano. Pansi pake panali poti munthu adine ngati akufuna kuchita zimenezo tsiku lina, ndipo ine ndinkadina pamenepo tsiku ndi tsiku ngati mmene munkayankhira adokotala akakuuzani zosiya shuga mu tiyi. Tsiku lina podina pajapo panalibe.

A Kalinde, eni shopu ino, anaitana bambo wina wokonza makompyuta wa ku Lilongwe. Bamboyo anayang'ana pang'ono n'kunena kuti pulogalamu yatsopanoyo singakwane m'kompyuta yakale, pafunika kompyuta ina. Itabwera kompyuta inayo, inakana kudziwana ndi pulinta yathu, pulinta imene sinadwalepo chiyambire, ndiye nayonso anaisintha. Zinali ngati wagula nsapato, nsapatoyo n'kukuuza kuti ugulenso mwendo. A Kalinde anakhala sabata yonse osaseka. Mafailo athu onse bamboyo anawasamutsira m'kompyuta yatsopano, nandionetsa mayina ake ali ndandanda, la nyimbo yanu lili pomwepo. Kompyuta yakale ananyamula, ati akachotsemo zitsulo zokonzera zina.

Chiyambire pamenepo sindinapume, Amayi. Ine amene ndinkalemba osayang'ana zala, ndikucheza ndi kasitomala, lero ndimasakasaka mabatani ngati mlendo wofuna mchere m'khitchini ya eni. Chimene chinali kumanzere anachiika kumanja, china anachibisa pansi pa kachithunzi kopanda dzina. Ukangoti wazolowera, m'mawa wina umapeza yadzisintha yokha, ikukuuza kuti dikira usazimitse, anthu ali pabenchi akuyang'ana iwe, bandulo ya intaneti ikutha. Ndipo vuto lija silinathe, langotembenuka. Tsopano ndi a kumaofesi a sukulu ndi alembi a mipingo, amene akadali ndi makompyuta akale, amene amandiimbira foni kuti zimene ndawalembera sizikutseguka kwawo. Akale sakumva atsopano, atsopano sakumva akale, ndipo onse amakalipira ine.

Zonsezo ndikanapirira, ndi ntchito. Koma titagwirizana tsiku la chiliza, achimwene anati kwaya ya kumpingo kwathu idzaimbe nyimbo yanu. Kwayayo si ija munaisiya. Amayi anzanu aja ambiri anakutsatirani, ena anakatengedwa ndi ana awo, ndipo pano mwadzaza achinyamata. Amawaphunzitsa ndi a Mbewe, mphunzitsi wa kupulayimale amene anabwera ku Nathenje inu mutagona kale. Ndi munthu waulemu, manotsi amawerenga ngati nyuzipepala, koma mawu anu sanawamvepo. Anapempha pepala la nyimboyo. Ine ndinasangalala kuti ntchito yathu ija yapeza tsiku lake, ndinawatumizira failoyo pa foni, iwo anakasindikiza konko n'kuyamba kuphunzitsa.

Panapita milungu ingapo ndisanapite kumudzi, poti Tiyanjane anali ndi khanda m'nyumba mwanga. Loweruka lina ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, fumbi lili koboo, n'kukafika kutchalitchi masana akuphunzira. A Mbewe anandilandira bwino, anandipatsa mpando kutsogolo, nauza ana aja kuti aimirire aimbire mwana wa mwini nyimbo.

Atayamba ndinamva kuti china chake sichili bwino, koma ndinati mwina ndi makutu anga. Mawu anali anu, onse, palibe limene linasowa. Koma ankagwera posakhala pake, lina kufulumira, lina kuchedwa. Ndiye anafika pa kolasi. Ndinakoka mpweya monga ndimachitira nthawi zonse pamenepo, thupi langa lonse likudikira kukwera, ndipo iwo anatsika. Pa "ndafika" paja anatsika, Amayi, onse pamodzi, mokoma ndithu, mpaka pansi. Inu munkafika ngati munthu amene wakwera chitunda n'kuona denga la kwawo. Iwo ankafika ngati munthu amene miyendo yamuthera wangokhala pansi m'mbali mwa njira. Misozi inatuluka, ndipo ana aja anaganiza kuti ndakhudzidwa ndi kuimba kwawo, ena anamwetulira.

Atatha ndinapempha a Mbewe kuti ndione pepalalo. Manotsi anali atasuntha, ena atathawa mawu awo n'kukaima pamwamba pa mawu a patsogolo, mizere ina itaduka pakati n'kugwera pa mzere wa anzawo. Timizere tating'ono tija, tokweza ndi totsitsa, panalibe ndi kamodzi komwe. Ndinawafotokozera kuti nyimboyo simayenda choncho. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mayi, ine ndaphunzitsa zimene zili papepala. Ndinaona kuti pena sipakugwirizana, ndinakonzakonza kuti mawu anayiwa amvane. Koma pepalali munatumiza ndinu."

Sananame. Anandipempha kuti ndiimbe mmene inu munkaimbira, ndipo ndinaimba kolasiyo pamaso pa ana onse aja. Atsikana a sopulano anayesa kunditsatira, sanafikepo, anayamba kusekana okhaokha. Atayesanso pamodzi ndi anyamata, zinawombana moti ngakhale ine ndinamva kuti sizikumveka. A Mbewe anandiuza kuti timizere tija sitinasowe pa sopulano pokha, tinasowa pa mizere yonse inayi, ndipo ndikakweza malo amodzi ena onse agwa. Anati ndikawabweretsera pepala lolondola adzayambiranso ndi mtima wonse, koma chiliza chisanachitike nthawi palibe. Anawonjezera, mokhala ngati akundisangalatsa, kuti anakaiimba kale kumsonkhano wa makwaya, anthu anaikonda kwambiri, ndipo makwaya ena anajambula pepalalo pa foni n'kupita nalo kwawo.

Lolemba ndinalawirira kushopu n'kutsegula failoyo pa kompyuta yatsopano. Inali chimodzimodzi ndi pepala la a Mbewe. Pamwamba pake pulogalamuyo inalemba kuti failoyi ndi ya mtundu wakale ndipo yaikonza kuti ioneke bwino. Ndinaimbira bambo wa ku Lilongwe uja. Anati mtundu wa zilembo umene ndinatengamo timizere tija unali m'kompyuta yakale mokha, eni ake anasiya kuupanga, ndipo pulogalamu yatsopano ikapeza chimene sikuchidziwa imaika chake kapena kungochisiya. Nditafunsa za kompyuta yakaleyo anaseka pang'ono, nati inaphwasulidwa kalekale, zitsulo zake zili m'makompyuta a anthu ena. Anandilangiza kuti zinthu zofunika ndizisunga papepala. Ndinathokoza n'kudula foni. Mapepala a pensulo aja anali m'katoni ija ya pansi pa bedi.

Ndinayendayenda m'mudzi kufunsa mapepala amene tinagawa aja. Kwina anati anakutira makope a ana, kwina anati baibulo lake linapita ndi mwini wake m'bokosi. Potsiriza ndinapita ku Diamphwe kwa a Nachisale, mnzanu uja munkaima naye phewa ndi phewa mu kwaya, amene pano akusungidwa ndi mwana wawo. Maso anasiya kuona koma mutu uli bwinobwino. Anandizindikira ndi mawu, anandigwiragwira kumaso, nandinena kuti ndaonda. Nditawauza chimene ndabwerera, anakhala tsonga pamkeka n'kuimba nyimbo yonse, ndime zonse, osaphonya ndi pamodzi pomwe, ndipo ndinawajambula pa foni. Koma anaimba aluto. Nditawapempha kuti aimbeko mzere wanu, anapukusa mutu.

"Ine ndinkagwira pansi, mwanawe," anatero. "Pamwambapo panali pa amayi ako. Ine sindinkapitako, ndinkangomva kuti afika."

Ndiye mzere wanu watsala mwa ine ndekha, Amayi, ine amene munkandinena kuti ndimaimba ngati ndikupepesa. Achimwene amati nyimbo ndi nyimbo, bola mawu ake ndi omwewo. Tiyanjane nthawi imene inu munkaimba anali pa msinkhu wothawa kwaya, sakumbuka bwino. Anamva ya a Mbewe pa foni ya mnzake, anaikonda, ndipo ndi imene amaimbira mwana pomugoneka. Ndikamuuza kuti si choncho amati, koma achemwali, ikumveka bwino. Ndipo chondipweteka n'chakuti sakunama, ikumvekadi bwino. Ikanakhala yoipa bwenzi anthu ataitaya okha.

Chimene chikundiopsa ndi ichi. Sabata yatha ndikusesa mushopu m'mawa ndinadzipeza ndikung'ung'udza nyimbo yanu, ndipo nditafika pa kolasi ndinatsika. Ndinaima ndi tsache m'manja. Ndinayambiranso n'kukwera, koma m'ndime yachiwiri muli malo ena amene pano sindikudziwanso ngati munkakwera kapena ndikungoganiza. Ndaimva yawoyo kambirimbiri, m'nyumba mwanga momwe, ndipo ikulowa pang'onopang'ono pamalo pa yanu. Ndayesa kudzijambula pa foni, koma ndikamvetsera ndimamva mawu anga okha ndi kukayika kwanga. Ndikanakonda mukanabwera ngakhale kutulo, osati kudzanena zambiri, kungodzaimba ndime yachiwiriyo kamodzi.

Ndatopa, Amayi. Ndatopa ndi zinthu zimene zimasintha popanda wondifunsa, n'kumandiuza kuti zandikonzera. Ndatopa kuphunziranso ntchito imene ndinaidziwa kale, ndi kupepesa anthu pa zolakwa zimene sindikudziwa kuti analakwa ndani. Amene amapanga zinthu zimenezi sindidzawaona, ndipo iwo sadzadziwa kuti kunali mayi wina ku Nathenje amene ankakwera pa "ndafika". Sindikuti anachita dala. Kungoti pokonza zawozo anasesa ndi zathu zomwe, ndipo palibe khomo limene ndingakagogode.

Za ndime yachiwiri sindingalonjeze. Ndiziyesabe, ndipo a Mbewe ati chiliza chikadutsa tidzakhale pansi ndi aluto ya a Nachisale, mwina iwo odziwa manotsi angathe kulondola pamene mzere wanu unkadutsa. Mwina zidzatheka, mwina ayi, ndipo makwaya ena aja sitingawatsatire m'midzi monse kukawalanda mapepala. Koma pa kolasi pokha ndiye sindikukayika ngakhale pang'ono, ndipo pamenepo ndikulonjezani.

Tsiku la chiliza sindidzakhala pa mkeka wa abanja. Ndidzaima kumbuyo kwa kwaya, ndidzaimba nawo mmene aphunzirira, sindidzawasokoneza m'ndime. Koma akadzafika pa "ndafika" n'kutsika onse, ine ndidzakwera ndekha. Ndikudziwa kuti atsikana aja adzatembenuka, achimwene adzayang'ana pansi, ndipo anthu pobwerera kwawo azidzati mwana wa malemu uja chisoni chinamusokoneza mpaka anaphonya nyimbo ya amayi ake omwe. Anene. Inu mukadzamva mawu amodzi opyapyala akusemphana ndi ena onse, musadzafunse kuti walakwitsayo ndani. Ndidzakhala ine, ndikukuimbirani yanu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Pumani bwino.

Ndine mwana wanu,
Felesiya